Madzi Anali Asanaphwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi ananditumiza kukakhala kwa amalume ku Zemba, popeza sukulu inali pafupi ndi kwawo. Tsiku lomwe ndinafika, amalume anandiuza kuti mwana wotsutsa akulu pakhomo pawo sakhalitsa. Ndinawamva bwino. Kuyambira pomwepo chilichonse chimene ananena ndinkangoti inde.

Chaka chimenecho anaganiza zodzala thonje m'munda wawo wakumunsi, moyandikana ndi dambo. Mnansi wathu, a Zuze, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anawachenjeza tili pamalire.

"Achimwene, apa ndi pa makande, madzi amagona. Thonje limafuna dzuwa ndi nthaka yakuya yomwa madzi msanga. Kumbani dzenje lofika m'chigongono, muthiremo ndowa imodzi m'mawa. Dzuwa likafika pamutu madzi akadalimo, pitani nalo thonjelo kumtunda."

"Inu obwera mundiphunzitse nthaka ya makolo anga?" anatero amalume. "Mukufuna ndiusiye mundawu kuti mulimemo ndinu."

Komabe mawuwo anawalowa. M'mawa mwake, mvula yoyamba itagwa kale, ananditenga, tinakumba dzenjelo ndi kuthiramo madzi. Masana anandituma kukaona.

Madzi analimo, otuwa, atangotsika pang'ono. Ndinapisamo dzanja, dothi n'kundikakamira m'zala ngati phula. Ndinaimirira pamenepo nthawi yaitali. Pobwerera ndinapeza amalume ali ndi anzawo awiri pansi pa mtengo wa mango, akuseka za a Zuze.

"Iwe, nena pano onse amve. Madzi aja aphwa kapena sanaphwe?"

"Aphwa, amalume," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

Tinadzala munda wonse. Thonje linamera bwino, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina ndapulumuka. Koma mu Januwale mvula inagwa sabata yathunthu osalekeza. Madzi anaima pakati pa mizere, masamba anasanduka achikasu, mbewu zinapinimbira. Ukazula imodzi, muzu unali wakuda, wonunkha chivundi. Kumtunda thonje la a Zuze linali litafika m'chiuno.

Tsiku lina amalume anandiimika m'matopemo, madzi ali m'akakolo.

"Tsiku lija unaona chiyani m'dzenje?"

Ndinawauza zoona. Sanandimenye. Anandiyang'ana monga amayang'anira galu wakuba mazira.

"Ndakhala ndikudyetsa njoka. Chaka chonse chapita chifukwa cha kamwa lako. Zula zonsezi, ukatha ulongedze."

Ndinazula masiku atatu, ana awo akundiitana kuti Aphwa. Tsiku lachinayi ndinayenda pansi kubwerera kwa amayi ku Pembamoyo, mabuku ali m'thumba la feteleza. Chaka chimenecho sukulu inandipita, giredi seveni ndinachita kubwereza.

Mpaka lero amalume sandiyankha moni tikakumana pamaliro. Kwa nthawi yaitali ndinkavomereza kuti mlandu wonse unali wanga, ndipo bodzalo sindilikana, linatuluka m'kamwa mwanga. Koma tsopano ndikuona kuti iwo sananditume kukaona madzi. Anandituma kukatenga yankho loti achititse nalo manyazi a Zuze, ndipo ndinawabweretsera. Ndikananena zoona akanandithamangitsa tsiku lomwelo. Kuwasangalatsa kunangondiwonjezera miyezi iwiri pakhomo pawo, munda n'kuferapo.