Nyimbo ya pa Mtsetse wa Amayi Tryphena

Amayi Tryphena ndakhala nawo moyandikana ku Zengeza 1, kuno ku Chitungwiza, zaka khumi ndi ziwiri, ine ndikugulitsa tomato pageti, iwo akusunga ana a anthu ogwira ntchito ku Harare. Kireshi yawo ndi chipinda chimodzi ndi khonde, ana khumi ndi anayi, koma pepala lowaloleza la kuofesi alibe. Tonse mumsewu mwathu timadziwa, koma pakamwa timatseka, chifukwa kireshiyo ndiyo imawadyetsa chimwalirireni amuna awo.

Kuseri kwa nyumba kuli kamtsetse kotsikira kubwalo losewerera. M'mawa uliwonse anawo amagwira chingwe chimodzi n'kumatsika akuimba: "Phazi kuno, phazi uko, wothamanga adya fumbi." Nyimboyi amayiwo anaiphunzira kwa bambo awo, amene anachokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo ankaiimba potsika ndi ngolo ya njerwa kuti isawakoke. Ana ambiri kwawo amalankhula Chishona, koma pamtsetsepo aliyense amaimba Chichewa, ndipo panalibe wogwa.

Ndiye mwezi wa June kunatulukira bambo wina wa jekete la buluu, kabuku m'manja, akuti dzina lake ndi Fabiano. Ankaima kumunsi kwa mtsetse n'kumalemba. Tsiku lachitatu anayamba kuwafunsa mafunso amayi Tryphena. Chichewa ankamva bwinobwino, koma kuyankha m'Chishona. Nyimboyi munaitenga kuti? Bwanji mukuti "adya" osati "adzadya"? Imathera pomwepa? Ine ndinati iii, munthu wamkulu ndevu pepeya kumafunsa za nyimbo za ana? Ameneyu akuwerenga mitu.

Ndivomere, moto ndinakoleza ndine. Ndinawauza amayi Tryphena kuti nsapato zopolisha choncho n'za kuofesi, ndipo akagona tulo adzapeza loko pachitseko. Mayi aja mtima unangoti myuu. Anasiya kuimba. Anayamba kutsitsa ana mwakachetechete, anayi anayi, kuti azioneka ngati adzukulu. Bamboyo akapereka moni mayiwo ankangoti zikomo, nkhope kumbali.

Lachinayi lake, popanda nyimbo yowagwira miyendo, kamtsikana kena, Hazel, kanataya chingwe n'kuliyatsa liwiro. Kanagubuduzika mpaka kumunsi, bondo magazi chuchuchu. Anakatola ndi Fabiano yemweyo. Ine ndinasiya tomato ndikuti basi, lero zatithera.

Amayi Tryphena anafika ndi ukali n'kulanda mwanayo. "Ngati mwabwera kudzatseka, bambo, tsekani lero lomwe. Ndatopa nako kuzondedwa."

Bamboyo sanakane. Anati anatumidwadi munthu wina atakadandaula kuofesi. Kenako anatsegula kabuku kaja n'kuwapatsa. Ine ndinasuzumira paphewa pawo, paja manyazi ndilibe. Munalibe chiwerengero cha ana. Munali nyimbo yomweija, yolembedwa mobwerezabwereza.

Anafotokoza kuti amayi ake, a Maliya a ku Unit O, dera lina la tauni yomweino, ukalamba unawasokoneza mutu. Chishona chonse chinawathawa, anatsala ndi Chichewa cha ubwana wawo. Amaimba "phazi kuno, phazi uko" n'kumuyang'ana kuti amalize. Atawaimbira za fumbi zija anapukusa mutu, akudikirabe mawu ena.

Amayi Tryphena anapukuta bondo la mwana. Kenako ananena motsitsa mawu: "Wofatsa akafika kwawo." Ine zaka zonsezi ndinali ndisanaumvepo mzere umenewo. Anati anausiya tsiku limene anaika bambo awo m'manda kuno ku Chitungwiza, munthu wofatsa chotere, Dedza osaionanso. Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi pang'ono.

Loweruka amayi Tryphena anakwera kombi kupita ku Unit O. Akuti gogoyo atamva mzerewo anaseka, n'kupempha tiyi. Lolemba Fabiano anabwera ndi mafomu olembetsera kireshi, n'kunena kuti chaka chisanathe pakhale chimbudzi chachiwiri, apo ayi atseka ndithu. Ine nsapato zakezo sindizikhulupirirabe, ndipo wokadandaula uja ndikumufufuza, ndikumuganizira Naison wa pakona.

Pano ana akuimba mizere yonse. Tsiku lina Hazel, pulasitala pabondo, anafunsa m'Chishona kuti kwawoko n'kuti. Amayi Tryphena anayang'ana kumtunda, kukhonde kwawo kumene kunali titsapato tandanda, n'kumuuza kuti agwire chingwe, abwerere komweko.