Mthunzi wa Mitengo Itatu ya Koko

Esnart wa ku Kaseye sakhulupirira wotchi, ndipo ine sindimunena. Mwamuna wake atamwalira mu 1996, mlamu wake Davison anamuuza poyera kuti mundawo ndi wa kuchimuna. Chimanga sichigwira munda, anatero, chogwira munda ndi mtengo. Mvula ikadzagwa mulibe mitengo yodzala yekha, adzalongedze.

Mantha amayendetsa munthu. Esnart anakafika mpaka ku Kyela, m'dziko la Tanzania, nabwerako ndi mbande za koko makumi atatu m'dengu. Anthu anamuseka, poti koko kuno anamuonapo ndani? Wogulitsayo anamulangiza m'Chiswahili kuti mbande imafunika kulawa kutentha pang'onopang'ono, ndipo ikazolowera siifa wamba ndi dzuwa. Choncho m'mawa uliwonse azizichotsa pamthunzi, zikhale padzuwa "mpaka saa nne".

Nne ndi folo, zimenezo Esnart anaziphunzira kumsika. Chimene sankadziwa n'chakuti anzathuwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti saa nne yawo ndi teni koloko m'mawa. Mayi wosaukayo ankasiya mbande padzuwa la Okutobala mpaka folo koloko madzulo, maso ali pa wotchi ya malemu.

Tsiku lachitatu masamba anayamba kupsa m'mphepete. Anathirira, n'kuthiriranso, koma malangizo sanawaphwanye, kuopa kuti akazibisa msanga zikula zofooka. Zinkafa ziwiriziwiri, iye akuonerera. Akamva belu la njinga panjira ankasuzumira, poganiza kuti ndi Davison. Amene anadzamumasulira za saa nne ija anali mayi wina wogulitsa zitenje pa Boma, atagwira pakamwa. Apo n'kuti zitatsala zitatu. Zitatuzo zinapirira, masamba ake ali gwa, ndipo anazidzala pakati pa munda.

Mvula itagwa Davison anabwera masana, dzuwa lili paliwombo.

"Mwatandala uli, mulamu? Makuni aja, mitengo yanu ija, ili kuti?"

Esnart analoza. Davison anazungulira timitengoto kawiri, manja ali kumbuyo.

"Ine sindibweza mawu, mulamu. Sindikuchotsani yayi. Pamene pafika mthunzi wa mitengo yanu, ndi panu. Kwinaku tilima ife."

Esnart anayang'ana pansi. Mthunziwo sunakwane ngakhale kuphimba phazi lake.