Mfundo ziwiri za amayi anga

Ndinabisa kalata ya mwana wanga, ndipo mpaka lero manyazi sanandichoke. Inu owerenga, ndimvereni kaye musanandiweruze.

Ndinakulira ku Mtandire ndi amayi anga okha. Anali munthu wosayankhulayankhula, koma chilichonse ankamanga mfundo ziwiri: chitenje, thumba la makala, ngakhale zingwe za nsapato zanga. Mitambo ikangoda masana, ankandimangirira dzanja kudzanja lawo ndi kansalu, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumunsi kumene kuli mtsinje wa Lingadzi, ngati munthu wolota ali maso. Ine ndinkamva kafungo ka dothi lonyowa, tulo n'kundiba pamiyendo pawo. Ndinkangoti chikondi ndiye chimenechi. Sindinafunse, iwonso sananene.

Nditabereka Tadala, mantha a amayi aja ndinawapeza ali kale m'manja mwanga. Kusukulu ndinkamuperekeza, koma kumsika ndi kwa anzake sindinkamulola. Atasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, kalata yake ndinaiika pansi pa matilesi. Anaipeza tsiku lina akuyala pabedi, malo ake atapatsidwa kale wina. Sanalire. Analongedza n'kupita kwa azakhali ake ku Area 25, zaka n'kumadutsa osandiyankha foni.

Amayi atakalamba, mutu unayamba kusokonezeka. Masana ena ndinawapeza akumanga mfundo pansonga ya bulangete, maso ali kutali, akunditchula Esinta, dzina limene ndinali ndisanalimvepo. Achemwali awo ndi amene anandiululira. Esinta anali mkulu wanga. Amayi akuwoloka mtsinje uja atamubereka kumsana, mfundo ya chitenje inamasuka, madzi n'kumutenga. Abale inu, moyo wanga wonse ndinkathawa madzi amene sindinawaonepo!

Ndinapita ku Area 25 kukapepesa. Ndinapeza Tadala ali ndi khanda, mwana wamkazi. Anamvera nkhani yonse, kenako anaponya mwana kumsana. Anamanga mfundo, n'kumanganso ina pamwamba pake.

"Wamangiranji ziwiri?" ndinafunsa.

"Kaya. Si mmene mumamangira inu?"

Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene anachoka. Sukulu ija inapita basi, sindingamubwezere.

Amayi anzanga, chimene chinakupwetekani muwauze ana anu ndi pakamwa, akadali pakhomo. Mukabisa, adzachisenzabe, osadziwa n'komwe kuti n'cha ndani. Ine ndinachedwa. Mdzukulu wanga yekha ndiye ndidzamuuza za Esinta asanaphunzire kumanga chitenje.