Kandege Kachiwale ka Ada Longwe

Ndikakumbukira Ada Longwe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mphira wa chubu chanjinga, losakanikirana ndi la chinangwa chovuula chimene amayi ankayanika pathandala pakati pa nyumba yathu ndi yawo. Mkuluyu anagwirapo ntchito yokonza injini pabwalo la ndege ku Halale, ndipo atabwerera kwathu sankapita kunyanja ngati amuna anzake. Ankangokhala m'nyumba n'kumasema chiwale, chitseko chili chotsekula pang'ono, moti anthu ochokera kudoko akafika pamenepo ankatsitsa mawu.

Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi lachipani. Ena ankati mkuluyo akukonza ndege yaufiti, ena ankati amatumiza mauthenga kwa zigawenga kutsidya la nyanja. Amayi anandiletsa kulandira ngakhale nthochi ya m'manja mwawo.

Tsiku lina tcheyamani wachipani wa m'dera lathu anandiimitsa ndikuchokera kotunga madzi. "Iwe Esinati, ukasuzumire mwa Longwe. Zimene ukaone udzandiuze."

Ndinapita masana omwewo, koma Ada Longwe anandiona. "Lowa, mwanangu. Pazenera amaima ndi akuba."

Kudenga kunkalendewera kandege kachiwale pa ulusi. Anapota mphira wa m'mimba mwake n'kusiya. Pulopela, kamtengo kakutsogolo kaja, inazungulira chakumanja, ndipo kandege konse kanapendekera kumanzere. Anaikapo pulopela ina yosemedwa mosemphana, n'kupota mphira mbali inayo. Apa kanapendekera kumanja.

"Waona? Injini ikapotoza pulopela uku, thupi la ndege limakankhidwira uko. Woyendetsa wosadziwa kuti yake imazungulira kuti amakathera m'tchire asananyamuke n'komwe."

Anandionetsa kope lodzaza mivi yokhotakhota imene ankajambula akayesa pulopela iliyonse. Maso awo ankawala. Ine ndinkangoyang'ana pakhomo.

Kwa tcheyamani ndinanena zoona zokhazokha: kandege, mphira, kope la mivi.

"Miviyo ikuloza kuti?"

"Kumanzere ndi kumanja."

"Kumanjako si kunyanja?"

Ndinavomera ndi mutu kuti andisiye ndizipita.

Patapita masiku atatu kunabwera anyamata anayi achipani m'mawa, amayi akusesa pabwalo. Anatuluka ndi Ada Longwe, kope lili m'manja mwa mmodzi, kandege kali kukhwapa kwa wina. Amayi sanadzutse mutu, tsache silinaime.

Ada Longwe anabwerako kundende mvula itagwa zaka ziwiri, ataonda, mano akutsogolo palibe. Tinakumana panjira yakutchalitchi.

"Wakulatu, mwana wa Ada Manda. Uli sitandade chani tsopano?"

Anangofunsa zokhazo. Anamwalira ndisanadziwe ngati ankadziwa kuti ndinali ine.

Lero ndine gogo, ndipo anthu amati ndine wovuta. Munthu akandifunsa za mnzanga woyandikana naye nyumba, ngakhale dzina lokha, ndimayamba ndamufunsa kuti akufuna akachite nalo chiyani.