Mayi Pyo ndi Galu wa Kudoko

Mayi Pyo Geum-rye anagwira ntchito yokwecha anthu m'nyumba yosambira ya amayi ya pamsika kuyambira ali mtsikana mpaka mapewa atakana. Amayi tonse a m'phiri lino la mu mzinda wa Mokpo tinagonapo patebulo pawo, iwo atavala kansalu kokhakhala kudzanja, akutitembenuza ngati nsomba. Ntchitoyo inawasiyira khalidwe limodzi: sankakhulupirira zimene munthu wanena ndi pakamwa. Mayi akafika ndi mikwingwirima n'kunena kuti anagwa pamasitepe, iwo ankangoti, "Oo, masitepe," n'kumakwecha molambalala popwetekapo.

Ine ndimakhala nyumba ya kumunsi kwa yawo, mpanda ndi umodzi. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Incheon. Atapuma pantchito ankangokhala okha pabwalo, ndi mitsuko yawo ya kabichi wosasitsa wotchedwa kimchi, ndi tsabola woyanika.

Tsiku lina m'mawa, masamba atayamba kufiira, kunabwera a Tak Du-sik, bambo wamkulu ndithu amene amatsitsa mabokosi a nsomba kudoko. Anavala nsapato zopitira kutchalitchi, kumbuyo akukoka galu pachingwe. Galuyo anali wowonda, ubweya utapotana ndi litsiro, ndipo fungo lake linandipeza ndili kwanga.

"Ndam'peza kudoko, kuseri kwa mabokosi," anatero a Tak ataima pageti. "Kwanga eni nyumba salola ziweto. Ndiye ndati mwina inu, poti muli ndi bwalo."

"Nyumba za mabwalo zatha mu Mokpo monse kuti mukwere mpaka kuno?"

"Anthu amati ndinu a mtima wabwino."

"Anthu ake ati? Tchulani mmodzi."

A Tak anangoseka. Koma chingwe Mayi Pyo anachilandira. Galuyo anam'patsa dzina loti Nurungji, kutanthauza nkhoko za mpunga, chifukwa cha mtundu wake.

Masana omwewo anandiitana pampanda.

"Amake Seung-u, tamuonani mmene akupondera. Ngati pansi pakutentha. Zala zatambasuka ngati za bakha. Galu wa kudoko amadziwa kuyenda, uyu sanayendepo. Bambo uja wanama."

"Anamirenji, achemwali?"

"Mwina waba."

"Kapena akukufunani, ndiye akusowa poyambira."

"Andifune ndi mphatso yonunkha chonchi?"

M'mawa mwake anakonza sopo ndi chopukutira, anam'manga Nurungji pafupi ndi mpopi, n'kutsegula payipi. Madzi asanam'khudze n'komwe, galu anakuwa kulira kumene sindinamvepo, kofanana ndi kwa munthu. Anadzikodzera, anadula chingwe ndi mano, n'kukadzipanikiza kuseri kwa mitsuko mpaka umodzi unagwa n'kusweka. Anakhala kumeneko tsiku lonse akunjenjemera. Mayi Pyo, amene anasambitsapo theka la tauni ino, anaima ndi payipi m'manja madzi akungotayika. Patapita masiku anayesanso, ndipo zinali chimodzimodzi.

Kuno nyumba n'zothinana, munthu akayetsemula oyandikana nawo amamva. Posakhalitsa mphekesera inatsika masitepe onse mpaka kumsika. Ena ankati mayi wokwecha uja akumenya galu. Ena ankati akumunenepetsa kuti adzam'gulitse kwa ophika msuzi wa nyama ya galu. Amake Hye-ran, a nyumba yoyang'anizana nayo, anayamba kuyanika zovala padenga kawirikawiri, ngakhale zouma kale, maso ali pabwalo la Mayi Pyo.

Kenako kunabwera mayi wachitsikana wochokera ku ofesi yoona za ziweto, kuti alandira dandaulo. Anali waulemu. Anam'yang'ana galuyo bwinobwino, anaona mbale ya chakudya ndi bulangete lakale limene anam'yalira, ndipo anapepesa. Pochoka anangoti, "Agogo, musam'kakamize. Muyambe mwapeza chimene akuopa kwenikweni."

Mayi Pyo anam'perekeza mpaka pageti akuwerama, koma atatseka anatembenukira kwa ine.

"Wakanena ndani?"

"Ine ndingadziwe bwanji, achemwali?"

"Mpanda wanu ndiye uli pafupi."

Kwa masiku angapo sanandiyankhule, ndipo kimchi amene ndinawapatsira pampanda anabwerera mbale yosatsegula. Mpaka lero sitidziwa amene anakanena. Ine ndimaganizira amake Hye-ran, iwonso amaganizira akazi a dikoni wa kutchalitchi kwathu.

Chimene chinatigwirizanitsanso ndi mvula. Tsiku lina kukugwa yamphamvu ndinamva akundiitana motsitsa mawu. Nditasuzumira ndinaona Nurungji ataima pakati pa bwalo, mvula ikum'menya pamsana, iye akunyambita madzi a padambwe popanda nkhawa iliyonse.

"Mwaona?" anatero Mayi Pyo. "Si madzi ayi. Tengani payipiyi mukaisunge kwanu, ndisaionenso."

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse ankatenthetsa madzi m'ketulo, kuthira m'beseni, n'kukhala pakhonde akusambitsa mapazi awo okha. M'thumba la epuloni ankaikamo tizidutswa ta nsomba youma. Galuyo iwo sankam'yang'ana n'komwe. Iye poyamba ankaonerera ali kuseri kwa mitsuko. Kenako anayamba kusendera, kutola kansomba n'kuthawa. Tsiku limene ananunkhiza beseni, iwo anapitiriza kutsuka chidendene ngati sakuona. Patapita nthawi anaviika kansalu m'madzi ofunda n'kum'pukuta phazi limodzi lokha, basi n'kusiya. Tsiku lina mapazi awiri. Tsiku lina anafika paphewa, galu n'kuuma thupi, ndipo iwo anabwereranso kumapazi kwa sabata yathunthu. Ankam'yankhula ngati mmene ankayankhulira ndi ife patebulo paja: "Kwezani mkono, bwana. Eya. Limeneli ndi litsiro la chaka chiti?"

Kutayamba kuzizira, a Tak anabwera ndi nsomba zouma kudzaona galu. Ulendo uno anachokera kuntchito, atavala majombo a mphira ofika m'mawondo. Ine ndinali pakhonde pa Mayi Pyo tikusenda adyo. Nurungji atangomva majombowo pamasitepe, anafunyata mchira n'kulowa kunsi kwa khonde, mano akugundana.

Mayi Pyo anayang'ana galu, anayang'ana majombo.

"Vulani zimenezo. Muzisiye kunja kwa geti."

A Tak anavula, n'kulowa ndi masokosi okha pasimenti yozizira. Patapita kanthawi galu anatuluka, anawanunkhiza mapazi, n'kuyamba kugwedeza mchira pang'onopang'ono.

"Akukudziwani," anatero Mayi Pyo. "Khalani apo, mutiuzenso za doko lanu lija."

A Tak anakhala m'mphepete mwa khonde, chipewa chili m'manja. Anati galuyo sanam'peze kudoko. Achimwene awo ankaweta agalu ogulitsa kumudzi, cha ku Muan, m'makola a waya okwera m'mwamba. Potsuka makolawo ankavala majombo n'kumangopopera ndi payipi agalu ali momwemo, kaya n'kotentha kaya kukugwa chisanu. Achimwenewo atadwala matenda ofa ziwalo, akazi awo anaitana wogula kuti atenge agalu onse. Uyu yekha a Tak anam'bisa m'galimoto mwawo.

"Nanga bodza linali la chiyani?"

"Mukanamva kuti ndi wa m'khola la achimwene, mukanandiyang'ana bwanji?"

"Mmene ndikukuyang'aniranimu. Inuyo payipiyo simunaigwirepo?"

"Ndinkapitako Lamlungu lina ndi lina, kukathandiza kunyamula chakudya."

"Sindinafunse za chakudya."

A Tak anayang'ana galu. Kenako Mayi Pyo analowa m'nyumba n'kuwatengera tiyi wa balere wotentha ndi silipasi za malemu amuna awo.

Atachoka ndinati, "Komabe galu akuwakonda, achemwali. Akanakhala kuti ankamuzunza, akanagwedeza mchira?"

"Dzanja lomwe limamenya likakhalanso lopatsa chakudya, mchira umagwedezeka ndithu. Musandiuze za michira."

"Koma anam'pulumutsa."

"Mmodzi. Enawo anawaona akukwezedwa m'lole."

Nurungji anasamba koyamba thupi lonse chipale chofewa chitagwa kale. Tinam'sambitsira m'khitchini, pansi pofunda, m'beseni lalikulu lofiira lija timasakaniziramo kabichi. Iye analowamo yekha potsata kansomba. Ine ndinkatunga madzi ndi kambale ka mpunga n'kumathira chapansipansi kuti asachite phokoso, Mayi Pyo akutikita ndi zala. Galuyo sanalire ndipo sanathawe. Madzi tinataya akuda bii, tinathiranso ena, n'kutayanso. Atauma tinaona kuti galuyo ndi woyera, kupatula khutu limodzi lachikasu. Amake Hye-ran atamuona ali padenga anafunsa kuti uja woyamba anapita kuti, ndipo ndikuganiza kuti mpaka pano sanakhutire ndi yankho.

Kumutu sakulolabe madzi. Mayi Pyo amangom'pukuta nkhope ndi kansalu, ndipo akuti zimenezo n'zokwanira, munthu aliyense ali ndi pamene safuna kugwidwa.

Achimwene a a Tak anamwalira maluwa atayamba kuphuka. Mayi Pyo kumaliro sanapite, koma anaphika msuzi wa nsomba n'kundituma kuti ndikawasiyire a Tak. Bamboyo amabwerabe Loweruka lina ndi lina. M'nyumba sanalowepo, malo awo ndi m'mphepete mwa khonde. Mwezi wathawu anapeza tikukonzekera kusambitsa galu pabwalo, poti tsopano kwafunda, ndipo anapinda manja a malaya n'kufunsa ngati angathandize kuthira madzi.

Mayi Pyo anawayang'ana manja aja kwa kanthawi.

"Madzi athira amake Seung-u," anatero. "Inu gwirani chopukutira, muime apo ndizikuonani."