Chithunzi chimene ndinatsekera khola la nkhuku

Bambo, lero padoko la Mbamba Bay ndapeza anthu akupenta boti, ndipo fungo lake landikumbutsa inu. Mutasiya usodzi munayamba kuphunzira kujambula ndi penti wamafuta pa timatabwa, mukuseka nokhanokha, zala zili buluu. Ine munandijambula masabata atatu, n'kubwera nacho chithunzicho kwathu ku Lipingo mutachinyamula mosamala. "Usagwire mwananga, sichinaume bwino." Koma ine ndinangoona mphuno yokhota, ndipo ndinaopa kuti alamu anga andiseka. Mutangochoka ndinakatsekera khola la nkhuku. Mutabweranso munachiona. Munawerama, n'kupukuta zitosi patsaya langa ndi mkono wa malaya anu, n'kunena kuti, "Taona penti ameneyu, mvula sinamuchite kanthu." Simunandifunse chilichonse. Ine ndinathawira kukhitchini.

Patha zaka ziwiri chimwalirireni inu. Chithunzi chija chili pabalaza tsopano, ndipo mlendo aliyense ndimamuuza monyadira kuti anajambula ndi bambo anga. Za khola zokha sindinauzepo munthu mpaka lero. Ndikhululukireni, Bambo. Ndadziyang'anitsitsa pagalasi, simunalakwitse ayi. Mphuno ija ndi yokhotadi, ndinatengera inu.