Damu Limene Anamanga Amunanga

Chaka chimene amunanga anabwera kudzakhala chikamwini kwathu, amayi anawapatsa dimba la m'mbali mwa mtsinje kuti aone ngati ali ndi manja. Kwathu mkamwini wolephera dimba sitimuthamangitsa ndi ndodo. Timangomuikira kachikwama kake pakhomo.

Inali nthawi ya kampeni, zipani zitachuluka. Wina wofuna mavoti analonjeza damu kumtunda, cha kunjira ya ku Chiringa, ndipo chodabwitsa n'chakuti analimangadi. Amunanga anali oyamba kuthamangira ganyuyo. Ankasenza dothi akuimba, madzulo n'kubwera akuyenda monyang'wa ngati damulo ndi la bambo awo.

Chilimwe chitafika, mtsinje wathu unasanduka msewu wa mchenga. Akumtunda ankakolola tomato, ife tinkangolandira udzudzu wawo. Matemba amene ankakwera kuchokera ku Chilwa nawonso anatiiwala. Mpiru wa amunanga unafota wonse.

Poti mpongozi salankhulana maso ndi maso ndi mkamwini, amayi ankalankhula ndi ine, mokweza, eni nkhani ali kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanawe, uwafunse abambowa. Kwawo mpiru amathirira ndi malovu?"

Ndinkaseka, koma mtima uli m'mwamba. Amunangawo ndinkawakonda, ndipo kachikwama kaja ndinali nditakaona amayi atakachapa kale n'kukayanika pakhomo.

Tsiku lina amayi ananyamula khasu ndi ndowa, ulendo wa kudimba, kuti akaonetse mlesi mmene madzi amawapezera. Ife tinatsatira, amunanga ali chapatali. Amayi anakumba mumchenga mpaka dzenje linawalekeza m'chiuno. Anapezamo chule mmodzi, nayenso woonda. Anatuluka, n'kukhala pansi.

"Uwafunse," anatero kwa ine, "damu lija iwo anamangako mbali iti?"

Yankho linachokera kuseri kwa mtengo wa mango: "Uwauze amayi kuti khoma lonse la pakati."

Nkhope ya amayi inawala. "Basitu. Ngati pakati anamanga ndi iwowa, mvula yoyamba ligumuka. Akhale, tidikire madzi athu."

Kachikwama kanabwerera m'nyumba tsiku lomwelo.

Amayi anadikira mvula ndi mvula mpaka tinawaika m'manda. Padimba paja ana amasewerapo mpira. Amunanga amera imvi pakhomo pomwepa, ndipo khomalo silinachite ngakhale kamng'alu. Pa ntchito zonse zimene bambowa anagwirapo kwathu, yokhayo ndi imene anaigwira bwino.